Njala ya ku Lichenya

Lichenya, Mulanje
9 Juni 2024

Tamanda mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, iwe, a Hopewell ndi mdzukulu wanga Millie. Kuno chiperoni chayamba msanga, phiri sitinalione masiku anayi. Ndalemba kalata chifukwa pa foni ukudziwa kuti sindimva. Makina a kufakitale ya tiyi anandigonthetsa kalekale, ndipo amene ankandibwerezera mawu ako palibenso. Ndapatsira Spencer, dalaivala wa lole ya zinanazi, amene amafika ku Lilongwe kawiri pa mwezi.

Pa maliro unandifunsa kuti amayi ako anali bwanji masiku omaliza, ndipo sindinakuyankhe. Panali anthu ambiri. Anali bwinobwino. Lachisanu lija, pa 3 Meyi, anadzuka nkuphula kalongonda amene anayamba kuphika dzulo lake. Ukudziwa mmene ankachitira, kuwiritsa nyembazo nkutaya madzi ake owawa kasanu ndi kawiri pamene anzawo amataya kasanu. Anamuika m'bakuli lobiriwira lija nkusenza beseni la zovala, ine ndinanyamula sopo ndi chinangwa chophika. Tinatsikira ku dziwe la kumunsi kwa mlatho wa esiteti. Iwo anayamba kuchapa pa mwala wawo uja, ine ndinavula malaya nkulowa m'madzi, monga ndinkachitira nthawi zina ndikawaperekeza.

Anandiseka kuti nkhalamba ya zaka 64 ikudumpha ngati chule. Nditatuluka anandiponyera chitenje chakale chija, chofiirira chong'ambika m'mphepete, kuti ndidzipukute. Ndinakhala pansi nkudya kalongonda yense, wanga ndi wawo yemwe. Anasuzumira m'bakuli nkunena kuti, "Kodi m'madzi amenewa muli chiyani? Kunyumba mumangotolatola ngati nkhuku yodwala, mukatuluka umu mumadya ngati wochokera kundende." Ndinati sindidziwa, ndidzafunsa mwana wathu namwino. Pobwerera tinakangana pang'ono za lata lodontha la kukhitchini. Basi. Loweruka m'mawa anagwa akusesa pabwalo, tinathamangira nawo kuchipatala cha Mishoni, Lamulungu anatisiya.

Za kudya usadandaule. Amayi ako aang'ono a Emelda amandibweretsera madzulo alionse. Ndimalawa. Za kubwera ku Lilongwe ndamva, koma nandolo ali m'munda, ndipo mbuzi sizidziwa munthu wina.

Undiuze ngati chifuwa cha Millie chatha.

Bambo ako,
Harold


Area 25, Lilongwe
19 Juni 2024

Ababa,

Tili bwino tonse, Millie wachira ndipo wabwerera kusukulu. Kalata yanu ndawerenga katatu. Kachitatu ndinali kuntchito, ndinachita kukabisala kuchipinda chosinthira zovala.

Koma ababa, "ndimalawa" ndiye kuti chiyani? Mawu amenewo ndimawamva tsiku lililonse kwa odwala amene sakudya. Amayi aang'ono akuti mwaboola kale bowo lina pa lamba wanu. Ndatumiza ndalama pa foni yawo kuti azikugulirani mazira, chiponde ndi usipa. Chonde muzidya, osalawa.

Amalume a Morris anandiimbira. Akuti sabata zisanu ndi imodzi zadutsa koma zovala za amayi sizinagawidwe, ndipo kiyi wa bokosi lachitsulo mwasunga ndinu. Akuti abwera kawiri, inu nkuwayankha kuti nthawi yake sinakwane. Mukudziwa kuti pamudzipo ndi kwawo kwa amayi, inu munabwera ngati mkamwini. Katundu akagawidwa adzakusudzulani, ndipo adzafunsa kumene mukupita. Kwanu ku Ruo kunatsala ndani? Ine ndawauza kale kuti mukubwera kuno. Chipinda chilipo, a Hopewell apaka penti ndi kuika bedi. Mbuzi zigulitsidwe. Sindingakusiyeni nokha m'nyumba mmene mbale imabwerera yodzaza.

Funso la amayi lija ndidzakuyankhani mukafika.

Mwana wanu,
Tamanda


Lichenya
3 Julaye 2024

Tamanda,

Moni kumeneko. Ife kuno tilipo, kupatula miyendo yangayi. Ndalemba papepala nkujambula pa foni, chifukwa ndikaimba ndimakuwa, mudzi wonse ungamve.

Mwana wanga, bwera udzatenge bambo ako. Mazira ndinagula. Ndimaphika, ndimaika m'bakuli la malemu achemwali, ndimakawaikira patebulo pomwe ankadyera awiri. M'mawa ndimakapeza zili momwemo. Amene wanenepa ndi galu wanga.

Tsopano ayamba china. Sabata yachitatu ino, tsiku lililonse kupatula Lamulungu, dzuwa likangokwera pang'ono amakhoma chitseko, jumbo kukhwapa, ulendo wa kumtsinje. Anandiuza ndi Lettie, uja amagulitsa zitumbuwa pa mlatho. Akuti amavula nkulowa m'dziwe lija, kuzizira konse kuno, pamene ife ngakhale madzi osukusula tikuchita kutenthetsa. Amapita pakati pozama, nthawi zina kumiza mutu wonse. Tsiku lina Lettie anawerenga mpaka makumi awiri asanatulukire, mpaka anasiya kasitomala ali chilili. Ndipo m'jumbomo mumakhala chovala cha achemwali. Waona ndi maso ake duku loyera la Mvano. Anthu akuti akuzitaya m'madzi chimodzichimodzi, kuti zikatha atsatire okha. Ine sindikunena choncho, ndikungokuuza zimene zikunenedwa pamjigo.

Ndinawafunsa kuti alamu, kumtsinje kuli chiyani? Anangoloza khutu. Koma ndikanong'ona kuti mbuzi zalowa m'nandolo amamva bwinobwino. Amalume ako akwiya, akuti bambo ako akachedwanso abwera ndi hamala kudzathyola bokosi.

Ndalama zija zatsala pang'ono, shuga wakwera.

Mayi ako aang'ono,
Emelda


Area 25, Lilongwe
5 Julaye 2024

Ababa,

Moni sindipereka wautali. Ndamva za kudziwe. Ndamvanso za zovala.

Musapitenso kumtsinje. Ndikukupemphani, ndipo ngati mwana angalamule kholo, ndikukulamulani. Madzi ozizira choncho angaimitse mtima wa munthu wa msinkhu wanu, makamaka wosadya. Ngati pali china chimene mukuganiza, mundiuze ine, kapena abusa, kapena amalume. Chaka chino ndataya kale kholo limodzi.

Ndapempha tchuthi, andilola pa 3 Ogasiti. Tikubwera ndi galimoto. Mulongeze zanu, kiyi mupereke kwa amalume, mwambo uchitike, tidzabwerere limodzi. Mundiyankhe ndi Spencer yemweyu, asachoke musanalembe.

Tamanda


Lichenya, Mulanje
21 Julaye 2024

Tamanda mwana wanga,

Moni nonse. Kalata yako yandipeza dzana. Lole ya Spencer inathyoka sipulingi pa Zalewa, ndipo kalatayo inakhala m'galimoto sabata ziwiri. Ndikudziwa kuti masiku onsewa wakhala ukuyang'ana foni. Pepa.

Zovala za amayi ako sindikutaya. Ndikuchapa.

Ukudziwa mwambo wake. Tsiku logawa likayandikira, azimayi amatulutsa zonse nkukaziunjika pamjigo, kuchapa mmawa umodzi akukambirana mtengo wa feteleza. Sindikuwada, ndi mmene timachitira. Koma amayi ako anandichapira zaka 38, ine sindinawachapirepo ngakhale kampango. Tsiku lina m'nyumba munandikanika kukhala. Ndinkachoka pampando kupita pakhomo, pakhomo kupita kukhola, kukhola kubwerera pampando. Ndinatsegula bokosi, ndinatenga chitenje chimodzi nkupita nacho pa mwala wawo. Nditachapa ndinayanika, ndipo poti dzuwa la Juni ndi laulesi, ndinasowa chochita podikira. Ndinalowa m'madzi.

Anandiluma ngati mavu. Ndinasambira kukafika tsidya nkubwerera, kawiri. Nditatuluka mano akugundana, ndinamva kupweteka m'mimba, ndipo ndinayamba ndaganiza kuti ndi matenda. Inali njala. Ndinali nditaiiwala kuyambira Meyi. Lettie anauza anthu kuti ndimamiza mutu, koma sanawauze kuti ndimamugula zitumbuwa zisanu ndi chimodzi tsiku lililonse. Mwina akuopa kuti ena angabwere kudzagulitsa pamalo pake.

Chovuta nchakuti njalayo sifika kunyumba. Imandithera panjira, pafupi ndi munda wa tiyi. Ndikalowa nkuona tebulo, mipando iwiri ndi bakuli lobiriwira, chakudya chimandikanika. Si kuti a Emelda saphika bwino. Ndalephera kuwauza, chifukwa akuyesetsa.

Ndinayesa njira zina kuti ndisakuvutitse. Ndinalima tsiku lonse. Ndinayenda wapansi kupita ku Limbuli nkubwerera. Ndinangomva ludzu ndi kutopa. Njala imabwera ndi madzi okha. Ndiye funso la amayi ako lakhala langa, ndipo sindingadikire kuti ndikafike ku Lilongwe. M'madzi amenewa muli chiyani?

Za kumira usaope. Ndinabadwira m'mbali mwa Ruo, ndinkawoloka kupita ku Mozambiki mtolo wa nzimbe uli pamutu. Kadziwe aka kakandimiza ndiye manyazi. Sindikunamiza kuti maganizo oipa sanandifikepo. Anandifika, koma anandipeza m'nyumba, pampando, osati m'madzi.

Ndimachapa chimodzi pa tsiku. Zatsala 34. Undipatse mpaka kutha kwa Ogasiti, ndipo uwapemphe amalume ako aike hamala pansi. Chipinda chimene a Hopewell apaka penti ndikuthokoza. Koma ku Area 25 kuli mtsinje wanji?

Bambo ako,
Harold


Area 25, Lilongwe
30 Julaye 2024

Ababa,

Tili bwino. Millie akuti agogo amuphunzitse kusambira, ndamuuza kuti ayambe wandifunsa ine.

Mundikhululukire pokulamulani. Ndinali ndi mantha, ndipo sanathe onse. Koma funso ndiyankha, chifukwa ndinalakwa kulisunga ngati nyambo.

M'madzimo mulibe mankhwala. Muli kuzizira. Madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kwambiri kuposa mphepo, ndiye thupi limasonkhezera moto wake kuti lisazizire, ndipo nkhuni zake ndi chakudya. Komanso posambira manja, miyendo ndi msana zimagwira ntchito nthawi imodzi, koma poti madzi amakunyamulani simumva kuti mwagwira ntchito yaikulu. Mukamalima kapena kuyenda padzuwa thupi limatentha, ndipo thupi lotentha limayamba lapempha madzi akumwa, njala imabisala. M'madzi ozizira thupi silitentha choncho, ndiye mukangotuluka limafuna kubwezeredwa zimene latentha. Ndinafunsanso dokotala wina kuntchito, wanena zomwezo. Wawonjezera kuti chisoni chimatseka m'mimba, ndipo ngati mwapeza pamene pamatseguka, muzidyera pomwepo njala isanathawe.

Tsopano zanga. Musamakhalitse m'madzi. Mukayamba kunjenjemera muzituluka. Kumiza mutu mulekeretu, Lettie angadwale mtima. Mvula ikagwa kuphiri musalowe. Ndipo zitumbuwa si chakudya. Ndalembera amayi aang'ono kuti bakuli lizipita kumtsinje, osati patebulo.

Ulendo wa pa 3 ndaimitsa. Amalume avomera kudikira, monyinyirika. Koma tipangane. Mu Januwale kuchipatala munali makilo 61. Mukakwere sikelo. Pofika tsiku logawa katundu, ngati simunakwane 56, mukubwera kuno, kaya kuli mtsinje kaya kulibe. Mukakwana, ndidzauza amalume kuti mawu anga ndabweza, ndipo zotsalazo mukakambirane nokha.

Mwana wanu,
Tamanda


Lichenya
18 Ogasiti 2024

Tamanda,

Moni. Ndalama ndalandira, Mulungu akuwonjezere. Miyendo ndiye yaipiratu, chifukwa iwe wandisandutsa wotsika mtsinje tsiku ndi tsiku.

Tsiku loyamba ndinapita ndi mazira ndi mbatata. Ndinawapeza bambo ako ali m'madzi, mutu wokha ukuoneka ngati dzungu loyandama. Atatuluka sanandilonjere nkomwe. Anatsegula bakuli, anadya ali chiimire, anapukuta ndi chala. Ndinakhala pansi ndi manyazi, mwana wanga, pokumbukira zimene ndinakulembera. Sabata yatha ndinawaphikira kalongonda. Anamaliza yense, kenako akuti, "Alamu, madzi mwataya kasanu." Ndinati ngati akuwawa bwezani. Analibe chobweza.

Kuchapa kwake ndiye usaone. Amafinya ngati akupha nkhuku, sopo amatha theka pa duku limodzi. Lachitatu anatulutsa chitenje chija tinagula mofanana ine ndi achemwali pa ukwati wako. Ndinawalanda kuti ndiwaonetse kachapidwe, koma ndinangochigwira nkuyamba kulira. Anandisiya nacho mpaka ndinamaliza kulira, kenako anachitenga nkupitiriza okha. Zonse zimene achapa azisita, azipinda, zili pa bedi mbali imene ankagona achemwali. Palibe chimene chasowa. Ndakanena pamjigo, ndipo Lettie ndamuuza kuti aziyang'ana zitumbuwa zake.

Za sikelo, Lachinayi tinapita ku Limbuli. Anakana kupita kuchipatala, akuti mzere. Anakapempha venda wogula nandolo, vendayo anawalowetsa m'thumba nkuwakoleka pa sikelo ngati mbewu, msika wonse kuseka. Inaonetsa 54. Iwo akuti ulembe 56, chifukwa sikelo ya venda imadya makilo awiri pa thumba lililonse. Vendayo sanaseke.

Amalume ako aika tsiku, Loweruka pa 31. Zoti tchuthi chako achisinthanso ndamva, tidzakuimira.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Zovala zikutha, ndipo iwo akudziwa. Ayamba kuchepetsa. Dzana anachapa kampango kamodzi. Dzulo anachapa lamba wa diresi payekha, diresi lake akuti mawa. Ndinawafunsa kuti zikatha mudzabwerabe kuno? Analoza khutu. Ine ndikuona kuti popanda chonyamula m'jumbo munthuyu sadzatsika kumtsinje, adzaopa kuoneka ngati wamisala. Akaleka kutsika, tibwerera kwa galu wonenepa uja. Upemphere.

Mayi ako aang'ono,
Emelda


Lichenya, Mulanje
8 Seputembala 2024

Tamanda mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Kuno kwayamba kufunda, nandolo tathyola. Usadziimbe mlandu kuti sunabwere, odwala akonso ndi makolo a anthu.

Ndiyambe ndi pangano lathu. Lachisanu pa 30 ndinapita kuchipatala, ndinaima pamzere, ndinakwera sikelo yeniyeni. Makilo 57. Namwino walemba m'buku langa, ndipo ndaika kapepala m'kalatamu kuti usanene kuti ndakambirana ndi venda.

Yankho lako lija ndinapita nalo kumtsinje. Ndinakhala pa mwala wa amayi ako nkuliwerenga mokweza, lonse, mpaka pa nkhuni ndi moto. Sindidziwa ngati abusa angavomereze zimenezo. Koma anafunsa ndi amayi akowo, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzawafunsira.

Loweruka abale anasonkhana pansi pa mpeyala. Ndinatulutsa zonse ndekha, zochapa, zosita, nkuziika pamphasa. Azimayi amene anabwera ndi mabeseni anangowavundikira pansi nkukhalapo. Amalume ako anatenga chitenje chimodzi, anachinunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagawa. Madiresi apita kwa azakhali a amayi ako a ku Chonde ndi ana a malemu achimwene awo. Nsapato zakwana mkazi wa a Morris. Miphika ndi bakuli lobiriwira atenga a Emelda, choncho bakulilo ndizilionabe. Iwe akupatsa duku la Mvano, buku la nyimbo ndi chitenje cha pa ukwati wako. Zili m'jumbo imene Spencer wanyamula, uonetsetse kuti sizikununkha zinanazi.

Atatha kugawa, amalume ako anaimirira nkunena mawu osudzula. Anati ndinasunga mlongo wawo bwino, alibe nane mlandu, ndine womasuka. Kenako anafunsa kumene ndikupita. Ndinali nditakonza mawu sabata yonse, koma anandithawa. Ndinangoti ndikupempha kukhala. A Emelda ndi amene anayankha ali pansi, osadikira kupatsidwa mpata. "Apite kuti? Munthu wabzala mapeyala onsewa? Ndipo ine ndangophunzira kumene kutaya madzi kasanu ndi kawiri." Anthu anaseka, amalume ako anati nyumba ndi yanga mpaka tsiku limene ndidzatsatire mkazi wanga, ndipo lata la kukhitchini ndikonze mvula isanabwere. Ndakonza Lachiwiri. Amayi ako ankanena zoona, linali lobooka pawiri.

Pamphasa panatsala chinthu chimodzi chimene palibe anachifuna, chitenje chofiirira chong'ambika chija. Mkazi wa a Morris anati chikhale chokolopera. Pamene amalume ako anandifunsa ngati pali chimene ndikufuna kusunga chokumbukira, ndinaloza chimenecho. Anati ndisachite manyazi, nditenge bulangete kapena wotchi ya amayi ako. Ndinati ayi, chomwecho. A Emelda okha ndi amene anamvetsa, ndinaona akuyang'ana kumbali.

Bokosi lachitsulo lili pululu tsopano, ndaikamo mbewu ya nandolo. Mbali ya bedi ija ilinso pululu, ndipo sindikunamiza kuti ndazolowera. Patebulo sindinayambe kudyerapo. Mwina mvula ikadzaza mtsinje ndidzayesa pakhonde.

Chitenje chija ndimapita nacho kudziwe m'jumbo. Ndikatuluka m'madzi ndimadzipukutira, monga anandiponyera tsiku lija. Chimanyowa tsiku lililonse, ndiye tsiku lililonse chimafunika kuchapa.

Ngati uli ndi kanthu mwezi uno, utumize sopo.

Bambo ako,
Harold